Musanagule malambe ndi shuga, yambani mwakhala pansi ndi kope

Magulu ambiri a bizinesi amene ndimawayendera ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula amagula zipangizo potengera ndalama zimene zili m'thumba tsiku la msika. Zikachuluka, matumba amadzaza nyumba mpaka kuyamba kuchita nkhungu. Zikachepa, ntchito imaima pakati pa mwezi, makasitomala n'kupita kwina. Bajeti ya zogula siyambira m'thumba ayi. Imayambira pa funso loti mwezi uno tipanga katundu wochuluka bwanji.

Tiyerekeze kuti gulu lanu limapanga juwisi wa malambe, ndipo mu June mukufuna mabotolo 2,000. Mwayeza n'kupeza kuti kilogalamu imodzi ya ufa wa malambe imakwana mabotolo 20. Ndiye kuti pafunika makilogalamu 100. Muyeso umenewu muutenge pa sikelo ndipo muulembe, usamangokhala m'mutu mwa mayi amene amasakaniza, chifukwa tsiku limene iwo apita ku maliro enanu mudzangoponya mwachisawawa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Musagule makilogalamu 100 okhawo. Onjezanipo ufa umene mukufuna utsale pa 30 June kuti sabata yoyamba ya July ntchito isaime, tinene makilogalamu 30. Kenako chotsanipo umene ulipo kale m'nyumba, tinene makilogalamu 15, koma muwerenge wabwino wokha, wonyowa ndi wofumbwa ayi. 100 kuwonjezera 30 kuchotsa 15, otsala ndi makilogalamu 115. Amenewa ndiwo ogula. Ngati kilogalamu ili pa K2,000, konzani K230,000, ndipo ya thiransipoti muilembe pomwepo. Shuga, mabotolo ndi zotsekera muwerengenso chimodzimodzi, chilichonse pa mzere wake.

Funso la zotsala kumapeto kwa mwezi ndi lalikulu kuno kuchigwa kuposa kumtunda. Malambe amapezeka ambiri m'chilimwe, mvula ikagwa amasowa n'kukwera mtengo. Kuyambira January mpaka March madzi amatha kudula misewu. Amene anali pa bizinesi nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 akukumbukira masiku amene galimoto zochokera ku Blantyre sizinkafika. Choncho zotsala za December zichuluke kuposa za June, makamaka mabotolo, poti amachokera kutali ndipo saola. Ufa wokha musaunjike mopitirira, ndipo matumba akhale pa thandala, osati pansi.

Mitengo muilembe ndi pensulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti zolembedwa mu October zinasanduka mapepala wamba. Mwezi uliwonse funsani mtengo kwa ogulitsa awiri kapena atatu musanatseke masamu.

Pambali pa mzere uliwonse lembaninso tsiku lolipira. Wogulitsa malambe pa msika amafuna yake pompopompo, pamene a golosale amene atenga juwisi wanu pa ngongole amakuuzani kuti mubwere mwezi ukatha.