Mmene wojambula mavidiyo angapezere ntchito kunja pa visa yomwe kampani yamuimirira

Ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a nyimbo achuluka ku Salima kuno, ndipo ena dzanja lawo lakhwima moti ayamba kuganiza zokayesa mwayi kunja. Funso lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti visa ya ntchito imapezeka bwanji. Funsoli layambira kumchira. Visa yotereyi imayambira kwa kampani imene yakufunani, yomwe boma la dziko lake linaipatsa chilolezo cholemba ntchito anthu akunja. Popanda kampaniyo mulibe fomu yoti mudzaze. Choncho sakani bwana, visa ibwera pambuyo pake.

Choyamba: dziwani luso lomwe lingakuwolotseni

Ntchito zambiri za kanema ku London kapena ku Toronto ndi maganyu. Wogwira kamera amaitanidwa masiku awiri kapena atatu, akamaliza basi, ndipo palibe kampani ingavutike ndi mapepala a boma chifukwa cha munthu wotere pomwe ojambula ali mbwee kwawo komweko. Ntchito za kontrakiti yaitali zimapezeka ku nyumba za wailesi ya kanema, ku makampani otsatsa malonda, ku matimu a mpira, ku mayunivesite ndi ku makampani omalizitsa kanema. Kumeneko amafuna kwambiri munthu wa editing, wokonza mitundu, wokonza mawu kapena wa motion graphics (zolemba ndi zithunzi zoyenda za pa kompyuta). Ngati luso lanu limathera pa kamera, onjezerani. Pa mapulogalamu a pa kompyuta okonzera mavidiyo, DaVinci Resolve ilipo yaulere, Premiere Pro ndi After Effects zimatchulidwa pafupifupi m'chilengezo chilichonse cha ntchitozi, ndipo ku ma TV akuluakulu amagwiritsabe ntchito Avid Media Composer.

Chachiwiri: konzani showreel, kavidiyo koonetsa zidutswa za ntchito zanu zabwino

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa wolemba ntchito amayamba waonera asanawerenge CV. Showreel ikhale yaifupi, mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo chabwino koposa chikhale koyambirira kwenikweni. Drone ikuuluka pamwamba pa mchenga wa Senga Bay aliyense ali nayo. Mkwatibwi akuyenda mwa slow motion nayenso ali ponseponse. Wa kunjayo akufuna aone ngati mungathane ndi malo ovuta. Jambulani asodzi a usipa akukankha bwato dzuwa litalowa, nyali zikuyatsidwa imodzi imodzi, nkhope zikuonekabe bwino mumdimawo. Jambulani mayi woyanika nsomba pathandala akulankhula, mawu ake akumveka bwinobwino ngakhale mwera ukuwomba. Masekondi khumi otere amauza munthu wodziwa ntchito kuti mumamvetsa kuwala ndi mawu, zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa ojambula ambiri.

Pa chidutswa chilichonse lembani zomwe munachita inuyo: kujambula, editing kapena mitundu. Kanema wa mnzanu musamuikemo, chifukwa pa intavyu adzakufunsani lens yomwe munagwiritsa ntchito ndi chifukwa chake. Nyimbo ya eni ake musaiike popanda chilolezo. Ikani pa Vimeo kapena YouTube, link ikhale pamwamba pa CV.

Chachitatu: sakani makampani omwe ali ndi chilolezo

Ku Britain nkosavuta kufufuza. Home Office, unduna woona za olowa m'dzikomo, imasindikiza pa tsamba la boma la gov.uk mndandanda wa makampani onse ololedwa kuimirira antchito akunja, dzina lake Register of licensed sponsors, ndipo kuuona n'kwaulere. Mukaona ntchito pa LinkedIn kapena Indeed, yang'anani dzina la kampaniyo mumndandandamo musanawononge bandulo polemba kalata. Kupezekamo sikutanthauza kuti ikulemba anthu akunja pa ntchito iliyonse, koma ngati mulibe, siingakupatseni Certificate of Sponsorship, nambala imene mumalemba pa fomu ya visa.

Visa zake ku Britain zilipo za mitundu iwiri. Skilled Worker ndi ya nthawi yaitali, koma inakhwimitsidwa: kuyambira pa 22 July 2025 malipiro ochepetsetsa kwa ambiri ndi £41,700 pachaka, ndipo ntchito zambiri zosafika pa mlingo wa digiri zinachotsedwa. Wa editing wongoyamba kumene safika pamenepo, tisanamizane. Yachiwiri ndi Creative Worker, imene imalola anthu a timu yojambula filimu kukagwira ntchito mpaka miyezi 12, ndipo ingawonjezedwe kufika miyezi 24 ngati muli kwa bwana yemweyo. Iyi siifuna mayeso a Chingerezi, koma siikutsegulirani khomo lokhazikika kumeneko.

Ku Canada nthawi zambiri kampani imayenera kutenga chikalata cha LMIA chosonyeza kuti yalephera kupeza mbadwa yogwira ntchitoyo, ndipo pa Job Bank, tsamba la boma, pali gawo la ntchito zolandira anthu akunja. Ku Dubai ndi Abu Dhabi, m'dziko la United Arab Emirates, kuli makampani ambiri a kanema, monga omwe ali ku Dubai Media City, Dubai Studio City ndi twofour54, ndipo kumeneko bwana ndi amene amatenga chilolezo chanu chogwirira ntchito. Ine ndimaona kuti kwa wojambula wa zaka zochepa pantchito, uku ndiye kofikirika kusiyana ndi ku Ulaya.

Nanga ku Joni? Mmalawi amalowa ku South Africa popanda visa kwa masiku 30 ngati mlendo, koma chidindo chimenecho sichilola kugwira ntchito, ndipo visa ya ntchito mumafunsira kuno musananyamuke. Pamafunika kontrakiti ya bwana komanso kuti bungwe la SAQA, loona za maphunziro ku South Africa, liunike masatifiketi anu.

Chachinayi: lembani kalata yonena zoona

Nenani poyera kuti muli ku Malawi ndipo mudzafunika sponsorship, kutanthauza kuti kampaniyo ikuimirireni pa visa. Kubisa kumangotayitsa nthawi, chifukwa adzadziwabe. Kalata ikhale yaifupi, itchule kanema wawo mmodzi yemwe mwaonera ndi chomwe inu mungawonjezepo. Ngati n'kotheka yambani ndi kuwagwirira editing muli konkuno. Kampani imene yaona kale kuti mumapereka ntchito pa nthawi yake imalimba mtima kulipira mapepala anu kusiyana ndi imene yangokuonani pa CV.

Chachisanu: mapepala, ena msanga ena mochedwa

Pasipoti yambani kuithamangira lero ku Immigration, osadikira kalata ya ntchito. Sonkhanitsaninso umboni wa ntchito zomwe munagwira. Ambiri kuno ajambulira malo ogona alendo a kunyanja, mabungwe ndi mipingo kwa zaka zambiri popanda pepala lililonse. Bwererani kwa onsewo akulembereni makalata okhala ndi chidindo, masiku ndi ntchito yeniyeni yomwe munachita. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imafunika m'mayiko ambiri, koma imakalamba msanga, choncho dikirani mpaka ntchito itaoneka.

Chimodzimodzi kuyezetsa TB. Amalawi opita ku Britain kopitirira miyezi 6 amayenera kuyezetsa ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, osati chilichonse, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Certificate of Sponsorship nayo iyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe miyezi 3. Pa Skilled Worker pamafunikanso umboni wa Chingerezi, monga mayeso a IELTS for UKVI, ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Maulendo a ku Lilongwe pa msewu wa M14 adzachuluka ndithu, muwaikire ndalama padera.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani zomwe mulipire ndi zomwe musalipire

Apa ndi pomwe akamberembere amadyera. Ku Britain malamulo amaletsa bwana kulipiritsa wantchito wa Skilled Worker ndalama ya Certificate of Sponsorship. Ku Canada ndalama ya LMIA, madola 1,000 a ku Canada, amalipira ndi bwana ndipo saloledwa kuidula pa malipiro anu. Ku United Arab Emirates lamulo la ntchito limaletsa bwana kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera ntchito. Ku Britain zanu ndi monga fizi ya visa ndi ya zaumoyo, yomwe ndi £1,035 pachaka kwa akuluakulu, ndipo zimenezi mumalipira nokha pa tsamba la boma, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Dobadoba akakuuzani kuti ali ndi malo asanu a ojambula ku Dubai, mungotumiza ya fomu, mufunseni dzina la kampani. Kenako lipezeni nokha tsamba lake, lembani ku adiresi yomwe ili pamenepo kufunsa ngati ntchitoyo ilipodi. Ntchito yopanda intavyu ya pa vidiyo, imelo ya Gmail m'malo mwa ya kampani, kapena mawu akuti pitani pa visa ya alendo tikakonzera komweko, zonsezi ndi zoti muthawe. Kontrakiti muiwerenge musanagule tikiti: malipiro, maola, nyumba, tikiti yobwerera, ndi zomwe zichitike mukafuna kusiya. Visa zambiri zoterezi zimamangidwa pa bwana mmodzi, moti ntchito ikatha mumapatsidwa nthawi yochepa yopezera wina wachilolezo kapena kubwerera kumudzi. Siyani kope ya kontrakiti ndi ya pasipoti kwa m'bale wanu kuno, ndipo pasipoti yeniyeniyo musaipereke kwa bwana kuti akusungireni.