Kuika rayon mu vepu yomanga nokha: thinitsani pakati, pepukitsani michira

Mu Lusaka muno muli akuluakulu amene anasiya ndudu n'kugwira vepu, ndudu yamagetsi yotulutsa nthunzi, ndipo ena mwa iwo anatopa ndi kugula makoilo opangiratu (waya wopotedwa wotenthetsa madzi a vepu) amene sachedwa kupsa. Tsopano amapota okha waya pa RDA (mutu wa vepu wodonthezera madzi pamanja) kapena RTA (mutu wokhala ndi thanki) n'kulowetsamo thonje. Malangizo ano ndi a iwowa, makamaka amene amva mbiri ya rayon ndipo akufuna kuiyesa m'malo mwa thonje. Ngati simusuta, kapena ndinu mwana wasukulu, kapena mayi woyembekezera, chonde musayambe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti vepu imawononga thanzi, ndipo chikonga chimene chili m'madzi ake chikakugwirani sichitaya msanga. Rayon siichotsa vuto limeneli ngakhale pang'ono. Imangothandiza kuti madzi afike bwino pa waya.

Rayon imaoneka ngati thonje koma siimera m'munda. Imachokera ku mitengo: amaphwanya thabwa kukhala phala, n'kulisungunula ndi mankhwala a sodium hydroxide ndi carbon disulfide, kenaka n'kuliponyera m'timabowo ting'onoting'ono kuti lituluke ngati ulusi. Njira imeneyi, yotchedwa viscose, inatulukiridwa ku England mu 1892 ndi Cross, Bevan ndi Beadle. Ulusi wake ndi wosalala komanso wowongoka, pamene wa thonje ndi wopotanapotana. N'chifukwa chake madzi amathamanga mu rayon kuposa mu thonje, ndipo ambiri amene anaizolowera amati kakomedwe ka juwisi, madzi a vepu aja, kamamveka bwino ndiponso imakhalitsa.

Funso loyamba ndi la komwe muitenge, ndipo apa m'pamene ndimada nkhawa kwambiri. Mukaona diresi la salaula ku Soweto kapena nsalu ya ku Kamwala yolembedwa kuti viscose, musaganize kuti mwatola mwayi. Nsalu yovala ili ndi utoto, mankhwala oisalalitsa, ndipo kawirikawiri imasakanizidwa ndi polyester, yomwe ndi pulasitiki. Zonsezo zikatentha zimalowa m'mapapo mwanu. Zopukutira ana, zosefera za ndudu ndi zoika m'mapilo nazonso ayi. Imene anthu a vepu anazolowera ndi Graham CelluCotton, chingwe choyera chofewa chimene anapangira masaluni okonza tsitsi, osati vepu. Dzina lomweli lilinso pa katoni ya thonje, choncho werengani bwino, palembedwe kuti 100% rayon. Yabwino koposa ndi imene yapakidwa dala kuti ikhale ya vepu.

Mukakayika, yesani ndi moto muli panja. Gwirani kachidutswa ndi tweezers n'kuyatsa. Rayon yeniyeni imayaka msanga, imanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lopepuka lotuwa. Ikafwanyala n'kusiya kambulu kakuda kolimba, muli pulasitiki, itayeni yonse. Dziwani kuti thonje nalo limayaka chimodzimodzi, kotero motowo ukungokuthandizani kugwira pulasitiki basi.

Tsopano pachimake pa nkhani. Thonje likanyowa limafufuma n'kudzaza koilo. Rayon ikanyowa imafota. Dzanja limene linazolowera thonje limaika pang'ono kuti lisiye malo ofufumira, ndipo likachita zomwezo ndi rayon, pakati pa waya ndi ulusi pamatsala mpata. Pampata pamenepo waya amatentha wouma, mumamva kuthetheka, kenaka kukhosi kumawawa. Ambiri amene anaitaya rayon tsiku loyamba anagwa apa.

Sambani m'manja ndi sopo n'kuumitsa, chifukwa mafuta odzola akalowa mu ulusi mudzawalawa. Dulani chingwe chotalika masentimita 4 kapena 5, ndipo muching'ambe motsata utali wake, osati mopingasa, kuti ulusi wonse uyang'ane kumodzi. Pa koilo ya mamilimita 2.5 kapena 3, tengani kachigawo kooneka ngati kachuluka pang'ono. Potani nsonga imodzi yokha ikhale yosongoka, ilowetseni, n'kukoka pang'onopang'ono mutagwira koilo ndi chikhadabo kuti isasunthe. Mvetserani. Ikakhala yokwana imalira kuti tswii ikamakhuzana ndi waya, ndipo mumamva kulimba m'zala. Ikangodutsa mwaulemu, yachepa, yambaninso. Ikayamba kupinda miyendo ya koilo, yachuluka, ibwezeni muchotseko tiulusi pang'ono. Mbali zonse ziwiri za koilo pazioneka timapewa totukumuka bwino.

Michira, nsonga ziwiri za ulusi zotsala kunja kwa koilo, ndiye imafuna zosiyana ndi pakati. Muli ndi ulusi wambiri mu koilo, ndipo mukaupinda wonsewo kulowa m'ngalande za juwisi mwatseka njira. Tengani lumo lakuthwa, dulani michira mopendeketsa, kapena ipeseni ndi nsonga ya tweezers n'kuchotsa pafupifupi theka la kunenepa kwake, osakhudza timapewa tija. Pa RDA michira ingokhudza pansi pa chitsime. Pa RTA ingotseka pakamwa pa ngalande popanda kuikanikiza. Amene anayatsapo koloboyi amadziwa kuti chingwe chikathinana pakhosi palafini sakwera, chikakhwepa amatayikira. Ndi mmene zililinso m'ngalande za RTA.

Mukatha, donthezani juwisi pa koilo ndi pamichira mpaka zonse zinyowe, dikirani mphindi zingapo, ndipo yambani ndi mawati otsika. Kukoka koyambirira kumakhala ndi kafungo kachilendo kamene kamatha posachedwa. Kakapitirira, kapena kakasanduka fungo lopserera, lekani pomwepo.

Fungo lopsereralo musalipirire. Waya akatentha popanda madzi okwanira, PG (propylene glycol) ndi VG (vegetable glycerine), timadzi timene amapangira juwisi, zimaphwanyika n'kutulutsa formaldehyde, acetaldehyde ndi acrolein, mankhwala amene amapweteka mapapo, ndipo formaldehyde ali m'gulu la zoyambitsa khansa. Pali kachinyengo kena ka rayon: popeza imapereka madzi mpaka dontho lomaliza, siichenjeza pang'onopang'ono ngati thonje. Nthunzi imakhala bwinobwino, kenaka mwadzidzidzi yauma. Amene muli ndi RDA zolowerani kuvundukula n'kuyang'ana. Ulusi ukayamba kuyera, donthezani.

Nyengo yathu nayo ili ndi mbali yake. VG ndi yolemera, ndipo m'mawa wa June ndi July, kukazizira, juwisi wa 70/30, wokhala ndi VG yambiri kuposa PG, amayenda mwaulesi. Nthawi imeneyo michira ikhale yopyapyala, ndipo mupume pang'ono pakati pa kukoka. Mu October juwisi yemweyo amasungunuka, ndipo RTA imene inali bwino imayamba kudontha m'mabowo a mpweya, makamaka mukaisiya m'galimoto padzuwa. Apo siyani michira yonenepako. Fumbi la August ndi September limamatirira pa ulusi, choncho rayon yanu izikhala m'kathumba kotseka kapena m'botolo louma, osati poyera pa tebulo.

Mukamasintha, musafulumire kutaya yakaleyo. Iyaleni pa pepala loyera muione, chifukwa imanena zimene munalakwitsa. Ikakhala yoyera ndi timizere tofiirira pamene panagona waya, munaika bwino. Ikada pakati kapena kuduka pawiri, inachepa mu koilo. Michira ndi mapewa zikada pamene pakati pali bwino, michira inanenepa ndipo juwisi ankaima n'kuphikika. Juwisi wotsekemera kwambiri amadetsa koilo msanga ngakhale muike mwaluso bwanji. Ena amanyadira kuti rayon yawo yatha mwezi, koma ine sindilimbikitsa zimenezo. Katoni imodzi ili ndi chingwe chochuluka kwambiri, palibe chifukwa choumira. Mukaona litsiro lakuda pa waya, chotsani ulusi, tsukani koilo, ikani watsopano.

Potsuka, waya wa Kanthal, nichrome kapena stainless steel 316L mutha kumuyatsa pang'onopang'ono wopanda ulusi mpaka afiire mofooka, kuyambira pakati kupita kunja, kenaka n'kumutsuka ndi madzi atazizira. Waya wa nickel kapena titanium musamufiiritse, ameneyo ndi wa makina oyeza kutentha okha.

Nthawi iliyonse mukakoka rayon yothina, koilo imatha kusuntha n'kukhudza chitsulo, choncho yezaninso ma ohm musanatseke. Batire la 18650 likadzaza limakhala pa mavoti 4.2, ndipo pa chida chopanda chitetezo, koilo ya ma ohm 0.2 imakoka ma amp 21, pamene mabatire ambiri amathera pa 20 kapena kucheperapo. Batire long'ambika chikopa musaligwiritse ntchito, ndipo lisayendere m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. Magetsi akabwera usiku, musalisiye pa chaja n'kukagona.

M'thanki musathire mafuta a mtundu uliwonse kapena zosakaniza za m'makwalala. Ku United States kuyambira mu 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2020, anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira, makamaka chifukwa cha vitamin E acetate amene ankathiridwa m'madzi a chamba. Mabotolo a juwisi, pamodzi ndi ulusi wonyowa umene mwachotsa, zikhale kutali ndi ana, pakuti chikonga chochepa chabe chimatha kumudwalitsa mwana kwambiri. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo. Inunso mukayamba kutsokomola kosalekeza, kubanika kapena kumva kupweteka m'chifuwa, ikani vepu pansi, pitani ku kiliniki, ndipo muwauze adokotala zonse zimene mumakoka.