Kalembedwe ka buku la wofufuza milandu m'dziko limene atsamunda sanachoke

Mabuku amtundu uwu amaima pa funso limodzi: zikanakhala bwanji atsamunda akanapanda kulongedza katundu wawo? Wolemba amakhotetsa mbiri pamalo amodzi, n'kugoneka mtembo pakati pa dziko latsopanolo, kenako n'kutuma wapolisi kuti akafufuze. Wapolisi amathandiza kwambiri pa nkhani zotere chifukwa ntchito yake imamulola kugogoda pakhomo lililonse, kwa bwana ndi kwa mlonda komwe, ndipo akamafunsa mafunso wowerenga sadabwa. Pano chitsanzo chathu ndi Nyasaland, koma njira yake ndi yomweyi ngakhale mukulemba za India kapena Algeria.

Yambani ndi mphambano, malo amene mbiri ya m'buku ikupatukana ndi mbiri yeniyeni. Ikhale imodzi, ndipo ikhale ndi tsiku lake. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukasintha za Chilembwe mu 1915, n'kusinthanso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wowerenga sadziwanso kuti chabala chinzake n'chiti. Kwa Nyasaland mphambano yabwino ili pakati pa 1959 ndi 1960. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pachiopsezo. Dr Banda anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe), ena ambiri anawaunjika ku Kanjedza, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu. Lipoti la Devlin, woweruza amene anatumidwa kudzafufuza zimenezi, litatuluka mu Julayi chaka chomwecho linati Nyasaland wasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mu Okutobala Iain Macleod anakhala nduna yoona za maiko a atsamunda ku London, ndipo pa 1 Epulo 1960 Banda anatulutsidwa, Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ku Salisbury (lero Harare), asakufuna. Mukamuchotsa Macleod pampandowo n'kuikapo munthu womvera za ku Salisbury, mphambano mwaipeza.

Apa ndi pamene olemba ambiri amapunthwa, poganiza kuti kusintha nduna imodzi n'kokwanira. Angerezi sanachoke chifukwa cha munthu mmodzi. Anatuluka m'nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ali ndi ngongole zothetsa nzeru, atalowa ndi nkhondo ku Suez, m'dziko la Egypt, mu 1956 America inawafinya pa ndalama mpaka anabwerera, ndipo eni nthaka anali atadzuka kale. Choncho musanalembe mutu woyamba, lembani tsamba limodzi loti muzionapo nokha, loyankha mafunso awiri: akulipira asilikali ndani, nanga akulimbana nawo ndani? Yankho la loyamba lingakhale kopa wa ku Northern Rhodesia, magetsi a ku Kariba, fodya, tiyi ndi thukuta la amuna opita ku Wenela. La lachiwiri musapeke chopanda mutu, chitsanzo chili pafupi. Apwitikizi anakakamira ku Mozambique akumenyana ndi Frelimo kuyambira 1964 mpaka boma lawo litagwa ku Lisbon pa 25 Epulo 1974. Azungu a ku Rhodesia anadzilengezera ufulu pa 11 Novembala 1965 n'kukhalabe mpaka 1980. Onsewa anakhala ndi mfuti, zipata za pamsewu ndi akaidi osazengedwa mlandu. Utsamunda wa m'buku lanu ukakhala wabata ndi waukhondo, wowerenga wodziwa mbiri alitseka.

Nkhaniyo iikeni zaka 20 mpaka 30 kuchokera pamphambano. Chaka cha 1984 n'chabwino: amene anaona za 1959 akadali moyo, koma kwabadwanso anyamata amene sadziwa dziko lina. Komanso m'chakachi apolisi analibe njira ya DNA, imene inayamba kugwira ntchito pa mlandu wakupha ku England mu 1986, ndiye wofufuza wanu azidalira zidindo za zala, gulu la magazi, mapepala ndi pakamwa pa anthu.

Tsopano tsatirani zimene mphambanoyo yakoka. Likulu likadali ku Zomba, chifukwa kusamukira ku Lilongwe mu 1975 kunali maganizo a boma la Banda. Mangochi akadali Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Thyolo akulembedwa Cholo, kutsidya Chipata ndi Fort Jameson ndipo Ulongwe ndi Vila Coutinho. Kwacha inabwera mu 1971, ndiye kulibe. Anthu aziwerenga mapaundi, masheleni ndi matiki: makobiri 12 ndi sheleni, masheleni 20 ndi paundi, tiki ndi makobiri atatu. Mukafuna kuti Chitaganya chikhale ndi ndalama ina, mukhoza, bola musankhe kamodzi n'kusunga mpaka kumapeto. Ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti chinenero chimene mukulembachi ampangankhani anu azichitchula Chinyanja, popeza dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968. Koma musasinthe zonse. Mvula, nsima, maliro ndi wailesi yabatire zikhale momwemo. Wowerenga amafuna poponda podziwika kuti chachilendocho achione.

Zonsezi zikhale m'kope lanu. M'bukumo zilowe mobisala. Munthu wobadwira m'dziko salifotokozera mnzake wobadwira momwemo. Mzere ngati uwu upheni mukangouona: "Monga ukudziwa mnzanga, tikulamulidwabe ndi Angerezi chifukwa Banda sanatulutsidwe mu 1960." Palibe amalankhula chonchi. Yerekezani ndi izi:

Sajeni anatsamiritsa njinga kuseri kwa kalabu, pafupi ndi nkhuni, n'kuvula chipewa. Khukhi anamubweretsera tiyi m'chitini cha jamu. "Bwana wanu ali mkati, akuti mudikire." Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, mtembo uli gone m'munda wa tiyi.

Palibe chaka chimene chatchulidwa, koma wowerenga wadziwa kale kuti khomo lakumaso si la sajeniyo. Nkhani ya mphambano yeniyeniyo muigawe zidutswa zitatu, chilichonse chosapitirira ndime imodzi, ndipo choyamba chisabwere mutu wachitatu usanafike. Chikhoza kutulukira m'nyuzipepala yakale yokulungira usipa, m'buku la sukulu la mwana, kapena pakamwa pa nkhalamba italedzera. Zitatuzo zisagwirizane bwinobwino, chifukwa boma limanena zake, anthu amakumbuka zawo.

Mwininkhani wabwino pa buku lotere ndi munthu wapakati, wovala yunifolomu ya mtsamunda koma wopita kumudzi kukalira maliro. Sajeni wachikuda wa zaka 50, pamwamba pake mzungu wa zaka 24 wongofika kumene. Aliyense mwa awiriwa ali ndi khomo limene mnzake sangalowe. Mzunguyo amalowa m'kalabu koma samva zimene akunena antchito a pa esiteti, amene ambiri ku Cholo ndi ku Mlanje ndi Alomwe. Sajeni amamva, ndipo ndiye womasulira. Pamenepa pali chuma chachikulu: zimene wamasulira, zimene wasiya dala, ndi tsiku limene bwana wakeyo azindikire kuti pali zosiyidwa. Chinenero chathu chimakupatsaninso chida chimene wolemba Chingerezi alibe. Kamnyamatako kakamati "iwe" kwa bambo wa imvi, bamboyo n'kuyankha "inde bwana", mwalongosola ulamuliro wonse m'mawu atatu. Sungani "inu" woyamba wochokera kwa mzunguyo mpaka pafupi ndi pampondachimera, ndipo musamufotokoze.

Samalani kuti sajeniyo asasanduke woyera mtima amene mobisa amadana ndi boma kuyambira tsamba loyamba. Ali ndi nyumba kulaini, penshoni ikumudikira, mwana wake ali kusekondale chifukwa cha yunifolomuyo, ndipo anamenyapo anthu okana msonkho. Wowerenga azimukonda akudziwa zimenezi.

Chachikulu pa zonse ndi mlanduwo. Uyenera kubadwa kuchokera m'dziko limene mwapangalo. Yesani motere: nyamulani mlandu wanu, muuike m'Malawi weniweni wa 1984. Ukayenda bwino popanda chosintha, ndiye kuti atsamunda anuwo ndi nsalu yokongoletsera chabe, bwererani mukaumbenso. Mwamuna kupha mkazi chifukwa cha nsanje zimachitika kulikonse. Koma kalaliki wa boma wopezeka atafa pa esiteti, atakopera kaundula woonetsa kuti akaidi amene analembedwa kuti anamasulidwa sanafike kwawo, ameneyo sangafe m'dziko lina. Mwa umboni wanu, chimodzi chikhale chinthu chopezeka m'dzikomo mokha: chitupa cha msonkho chodindidwa m'boma lolakwika, chiphaso chodutsira pachipata, kapena mayi wa pa switchboard amene amalumikiza mafoni n'kumva zonse.

Malire nawonso ndi othandiza. Msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu munthu akangowoloka msewu wafika ku Mozambique, kwa Apwitikizi ngati m'buku lanu nawonso sanachoke. Woganiziridwa akhoza kuima kutsidyako akudya mbatata yootcha, sajeni akumuona, osatha kumugwira. Kuti amutenge ayenera kuchonderera apolisi a mtsamunda wina, a chinenero china, amene nawo ali ndi zawo zobisa.

Za kukula kwa buku n'zachidule. Mawu 70,000 mpaka 80,000, m'mitu 30 ya mawu pafupifupi 2,500. Mtembo uoneke m'mutu woyamba. Oganiziridwa asapitirire 5, ndipo achokere mbali zosiyana: mzungu wa pa esiteti, mmwenye wa sitolo ku Limbe, mfumu yodya ndi boma, mnyamata wa gulu lomenyera ufulu. Mukaika oipa onse kwa azungu, wowerenga adziwa wakupha pofika tsamba 40, ndipo mwanamiza mbiri, popeza utsamunda unkayenda ndi amesenjala, akapitawo ndi makalaliki achikuda. Umboni uliwonse umene wofufuza adzagwiritse ntchito pomaliza wowerenga akhale atauona kale mutu 20 usanathe. Kubisa umboni m'thumba la sajeni n'kudzautulutsa patsamba lomaliza ndi chinyengo chimene owerenga mabuku amilandu sakhululuka.

Anthu enieni asungeni patali. Banda, Welensky kapena Chipembere azimveka m'nyuzipepala ndi m'mphekesera, asalowe m'chipinda n'kuyamba kulankhula, ndipo musawasenzetse mlandu wopeka. Abale awo alipo. Esiteti ndi kampani za m'nkhani zikhalenso zopeka.

Kumapeto kuli misampha iwiri. Wina ndi wogwetsa ufumu wonse m'mutu womaliza chifukwa sajeni wapeza kaundula. Boma limene lakhala zaka 93, kuwerengera kuchokera mu 1891, siligwa ndi pepala limodzi. Winawo ndi wothawa osayankha, ati poti dziko n'lopanda chilungamo. Khothi likhoza kulephera, fayilo ikhoza kuitanidwa ku Salisbury n'kusowa, wakuphayo akhoza kukwera ndege pa Chileka, koma wowerenga adziwe amene anapha, mmene anaphera ndi chifukwa chake. Mutu womaliza ukhale waufupi, mawu 1,000 akwana, ndipo ukhale wa chochita chimodzi chooneka ndi maso. Malipoti a nthawi imeneyo ankatayipidwa pa tayipi ndi kaboni, mapepala angapo nthawi imodzi. Loyamba lapita kwa bwana, lachiwiri lalowa m'fayilo. Konzeranitu kuyambira mutu woyamba kumene sajeni wanu akasiye lachitatu.