Mmene mungasamalire duwa la Phalaenopsis amabilis kuti lizimasula chaka ndi chaka

Phalaenopsis amabilis ndi duwa la mtundu wa orchid. Kwawo ndi ku nkhalango zowirira za ku Indonesia, Malaysia, Philippines, New Guinea ndi kumpoto kwa Queensland ku Australia. Maluwa ake ndi oyera mbee, ali ndi kachikasu ndi timadontho tofiira pakati, ndipo amatha miyezi iwiri kapena itatu osafota. Katswiri wa zomera Carl Ludwig Blume ndiye analipatsa dzinali mu 1825, ndipo lero ndi limodzi mwa maluwa atatu oimira dziko la Indonesia.

Kunkhalangoko silimera panthaka. Limakakamira kunthambi za mitengo, mizu ili pamtetete. Mvula ikagwa yanyowa, kamphepo kakadutsa yauma. Mtengowo siliuyamwa, limangopezapo pokhala. Mukamvetsa zimenezi, zotsalazi sizivuta.

1. Iwalani za dothi

Dothi, ngakhale lachonde chotani, limatsamwitsa mizu yake. Sakanizani makungwa owuma oduladula ndi timakala pang'ono, kapena makoko a kokonati omwe mwawaviika m'madzi ndi kuwatsuka bwino kuti mchere uchoke. Zidutswa zikhale zazikulu ngati nsonga ya chala, kuti pakati pazidutsa mpweya. Mphika ukhale wobowola pansi ndi m'mbali, wongokwanira mizu basi. Waukulu umasunga madzi nthawi yaitali. Ine ndimakonda wapulasitiki woonekera mkati, chifukwa mizu imaoneka popanda kuifukula.

Pobzala, dulani mizu yofewa ndi yakuda ndi sizasi yomwe mwaipukuta ndi sipiriti. Tsinde lisakwiririke, tsamba lam'munsi likhale pamwamba pa makungwa.

2. Lipezereni kuwala, osati dzuwa loswa mtengo

Pawindo loyang'ana kum'mawa ndi pabwino. Masamba akabiriwira moderapo kwambiri, kuwala kwachepa ndipo silidzamasula. Akachita zigamba zoyera kapena zakupsa, dzuwa lanyanya. Ikani katani yopyapyala.

3. Kuthirira

Apa ndi pamene ambiri amaliphera, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti amalipha ndi chikondi. Musathirire potsata kalendala. Yang'anani mizu: ikakhala ndi madzi imabiriwira, ikauma imatuwa ngati siliva. Ikatuwa, ndipo mphika mukaunyamula ukupepuka, nthawi yakwana. Nthawi zambiri zimatenga sabata imodzi, koma kukatentha zimafulumira.

Thirirani m'mawa, ndi madzi amvula ngati alipo, asakhale ozizira kwambiri. Thirani ambiri mpaka atuluke pansi, kenako dikirani adonthe onse. Mphika usakhale m'mbale ya madzi. Koma musauumitsenso kwa masabata, chifukwa duwali lilibe chitupa chosungira madzi monga ma orchid ena. Nkhokwe yake ndi masamba ndi mizu yokha.

Samalani pamtima, pamene pamatulukira tsamba latsopano. Madzi akagona pamenepo, pamaola, masamba n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi, ndipo kawirikawiri duwalo silichira. Akalowamo, pindani kapepala kofewa, kalowetseni, kayamwe.

Mizu ina idzatuluka mumphika n'kumalendewera. Isiyeni, ndi chikhalidwe chake.

4. Kutentha ndi chinyezi

Limasangalala pa madigiri 24 mpaka 29 masana, ndi 18 mpaka 20 usiku. Mpweya ukauma, ikani mphika pamwamba pa timiyala m'thireyi ya madzi, koma madziwo asaukhudze. Mpweya uziyenda m'chipindamo.

5. Feteleza

Wosungunula m'madzi, kotala chabe ya mlingo wolembedwa papaketi, mizu itanyowa kale. Kamodzi pamwezi tsukuluzani ndi madzi okhaokha kuchotsa mchere wotsalira.

6. Kuti limasule

Duwa lathanzi likakhala chete chaka chonse, nthawi zambiri lasowa kuwala kapena kakuzizira. Lisunthireni pamalo pomwe usiku pamatsika kufika madigiri 15 kapena 16 kwa masabata atatu kapena anayi. Pakati pa masamba padzatuluka kamphukira, kamene kangakhale muzu kapena phesi la maluwa. Muzu umakhala ndi nsonga yozungulira, pomwe phesi la maluwa nsonga yake ndi yaphwatalala. Likamakula, limangirireni ku kandodo, ndipo musamatembenuze mphika, kuopa kuti lingapindike potsata kuwala.

Maluwa akayoyoka phesi lidakali lobiriwira, dulani pamwamba pa mfundo yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pansi. Mwina litulutsa nthambi ina. Ngati duwalo ndi laling'ono kapena lofooka, ndi bwino kudula phesi lonse kuti lipume. Nthawi zina pamfundo pamamera kamwana kamasamba ake. Kalekeni mpaka katulutse mizu itatu yotalika masentimita 5, ndiye mukadule n'kukabzala pakokha.

Makungwa amaola pakatha chaka kapena ziwiri, choncho asintheni maluwa akatha. Muzisuzumiranso kunsi kwa masamba. Mukaona tizilombo toyera tokhala ngati thonje, tipukuteni ndi kansalu konyika m'sipiriti, ndipo mubwereze sabata iliyonse mpaka tithe.