Mmene mungayesere chipani musanachipatse voti yanu

Musanayambe kumvera nyimbo za pamsonkhano, funsani chipani chilichonse funso limene lakhala likuvutitsa Lusaka kwa zaka zambiri: kodi mtengo wa unga aziika ndani, boma kapena msika? Mu June 1990, boma la Kenneth Kaunda litakweza mtengo wa unga, mumzinda muno munabuka zipolowe, ndipo chaka chotsatira anthu anasankha Frederick Chiluba ndi chipani chake cha MMD, amene analonjeza kumasula malonda. Katundu anadzazadi m'masitolo, koma Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, migodi ya kampani ya boma ya ZCCM inagulitsidwa, ndipo anthu ochuluka anachotsedwa ntchito. Kuwawidwa mtima kwa anthu a m'makomboni monga Kanyama ndi Matero n'kumene pambuyo pake kunakweza Michael Sata mpaka anapambana mu 2011.

Choncho mukamva lonjezo, fufuzani amene adzalipire. Ngati chipani chikunena kuti chidzatsitsa mtengo wa mafuta kapena feteleza, chikuuzeni ngati ndalamazo zidzachokera ku msonkho kapena ku ngongole, pakuti dziko lino linalephera kubweza ngongole zake mu 2020. Ngati chikunena kuti msika udziyendetse wokha, chifotokoze chimene chidzachitire mayi amene amagula pamela, kapaketi kakang'ono ka unga, chifukwa thumba lonse la unga sangalikwanitse. Ine ndimaona kuti chipani chimene chikuzemba funso limeneli sichinaganizire bwino za anthu wamba.

Kenako yesani nkhani za makhalidwe pazokha, osazisakaniza ndi za chuma. Kuyambira pamene Chiluba analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, pafupifupi wandale aliyense amatchula Mulungu, kotero mawu amenewo sangakuthandizeni kusiyanitsa zipani. Yang'anani zochita zawo: anaima pati pamene chilango cha imfa chinathetsedwa mu 2022, ndipo amati chiyani za kukwatiwitsa ana aang'ono?

Khalaninso pansi ndi achinyamata a pakhomo panu. Ambiri a iwo satsatiranso chipani chifukwa chakuti n'cha makolo kapena cha kumudzi kwawo, koma amafunsa za ntchito ndi sukulu, ndipo amamva nkhani pa Facebook ndi WhatsApp akuluakulu asanazimve pa wailesi. Afunseni chimene chinawasintha maganizo, ndipo inunso muwauze zimene munaona m'masiku a mizere ya unga.