Nyale yochokera dziko lina ikakana kuyaka pa adaputala

Abale anga kuno ku Johannesburg, nyale ikakana kuyaka musathamangire kuitaya. Yambani mwawerenga pansi pake kapena pa babu, ngati palembedwa 120V ndi ya ku America imeneyo, magetsi akuno ndi 230V ndipo adaputala sasintha mphamvu, amangosintha mano a pulagi, ndiye babu limapsa pompo, chonde musaiyesenso popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi. Ikakhala yochokera kumudzi kapena ku UK mphamvu ndi imodzimodzi, vuto limakhala ka fyuzi kamkati mwa pulagi ya mano atatu amakona ija, itseguleni ndi sikuludilaiva muikemo ka 3A katsopano. Komanso maadaputala otchipa ogula m'misewu aja amakhwepa mkati, yesanipo tchaja cha foni muone. Akamatentha kapena kununkha pulasitiki wopsa zulani msanga.