Fani ya kudenga: yambani mwayeza chipinda, kenako muwerenge mawatsi

Fani yanga yoyamba ndinaigula thukuta lili kamukamu, ndipo munthu wogula chinthu ali choncho saona bwino. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi ija phiri la Zomba limabisala mu utsi wa moto wa kutchire, malata a nyumba yathu ku Matawale akuchita kuthetheka ndi dzuwa. Ndinalowa m'sitolo ina m'tauni muno n'kuloza yaikulu kuposa zonse, ya mainchesi 56. Mnyamata wogulitsa anati, "Imeneyo ndiye yeniyeni, bambo. Tanyamulani mumve kulemera kwake." Ndinanyamula, inalemeradi, ndinalipira.

Usiku woyamba neti inkangoti pekupeku ngati nsalu yoyanika pachingwe, chifukwa chipinda chathu ndi chaching'ono ndipo siling'i yake ndi yotsika. Kabokosi ka pakhoma kosinthira liwiro kankatentha ngati mbale ya phala. Patatha masabata awiri mayi a kunyumba anaima pa mita n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, mayunitsiwa akudya ndani?" Ndinangokhala chete, pakuti wakudyayo ankazungulira pamutu pathu pomwe.

Ine si wa magetsi, ndimaphunzitsa masamu. Koma kuchokera nthawi imeneyo ndasankhapo mafani anayi: awiri a kwathu, imodzi ya alamu anga ku Chinamwali, ina ya mayi anga kumudzi cha ku Jali. Pa onsewo ndinkayamba ndi tepi yoyezera, sitolo pambuyo.

Yezani kuchokera pansi kufika pa siling'i. Mapiko a fani azikhala mamita 2.3 kuchokera pansi, kapena kupitirira. Fani yokhala ndi kachitsulo kake kolendewera imatsika masentimita 30 kapena 40, ndiye kuti siling'i yanu iyenera kukhala mamita 2.6 kupita kumwamba. Nyumba zambiri za lendi ku Chikanda ndi ku Mpondabwino sizifika pamenepo. Ikakhala yotsika kuposa mamita 2.4, iwalani za fani ya kudenga, gulani yokhomera pakhoma. Ndipo m'chipinda muli bedi yosanjikiza, ngati zija amagonera ana a ku Chanco, musapachike fani ayi. Wogona pamwambayo akangodzuka mwatulo n'kutambasula mkono, mwaona zakuda.

Kenako yezani m'litali ndi m'lifupi. Chipinda cha mamita 3 uku ndi uku chimakwana ndi fani ya mainchesi 36 kapena 42. Cha mamita 4 chimafuna ya 48, imene pakatoni amalemba 1200 mm. Ya 56, kapena kuti 1400 mm, ndi ya pabalaza potakasuka. Balaza likakhala lalitali ngati kalasi, mafani awiri apakatikati amaposa imodzi yaikulu. Nsonga ya phiko italikirane ndi khoma kapena wodilopu ndi theka la mita, apo ayi mphepo imangodzigunda yokha.

Tsopano za mayunitsi, pamene pagona nkhani.

Mafani amene mungawapeze m'masitolo a kuno kapena ku Limbe ndi amitundu iwiri, ngakhale kunja amaoneka ofanana. Mtundu wakale uli ndi mota wamba yoyendera kapasita, kachipangizo kakang'ono kothandiza motayo kuyamba kuzungulira. Ya mainchesi 48 yamtundu umenewu imadya mawatsi 70 mpaka 80 ikamathamanga kwambiri. Mtundu watsopano pakatoni amalemba BLDC, ena amangoti DC motor. Mkati mwake muli maginito ndi kabolodi ka zamagetsi, ndipo ya msinkhu womwewo imadya mawatsi 28 mpaka 35. Mukaitsitsa pa nambala 1 kapena 2 imadya ngati babu limodzi la LED.

Yunitsi imodzi imene timagula ku ESCOM ndi mawatsi 1,000 ogwira ntchito ola limodzi. Fani ya mawatsi 75, maola 8 usiku uliwonse, masiku 30, yadya mayunitsi 18. Ya mawatsi 30 pa nthawi yomweyo yadya 7.2. Kusiyana kwake ndi mayunitsi pafupifupi 11 pamwezi pa fani imodzi. Muli ndi atatu, ndiye kuti 32.

Koma musathamange, ife si a ku Nsanje kapena ku Liwonde kumene fani imagwira ntchito pafupifupi chaka chonse. Kuno Juni ndi Julayi timafunda mabulangete awiri, chiperoni chikabwera ngakhale zenera sititsekula. Kwathu fani imazungulira kwenikweni kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula itakhazikika, ndi masiku ena a chinyontho mu Januwale ndi Febuluwale. Tinene miyezi isanu, ndiye kuti BLDC ikupulumutsirani mayunitsi 55 pachaka. Tengani uthenga wa pafoni wa mayunitsi amene munagula komaliza, gawani ndalamazo ndi mayunitsiwo kuti mudziwe mtengo wa imodzi, muchulukitse ndi 55. Yankholo mulifanizire ndi ndalama zimene BLDC yaposera fani wamba m'sitolo. Mukapeza kuti zibwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu, gulani. M'chipinda cha alendo, mogona munthu pa Khirisimasi pokha, fani wamba ndi yokwana. Kuikamo BLDC ndi kutaya ndalama. Amene amakhala kumtunda cha ku Mulunguzi, kumene kamphepo kamatsika kuphiri madzulo, mwina nawonso masamu awakanira. Koma a ku Matawale, ku Chinamwali ndi kutsikira ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, m'chipinda chogona tsiku ndi tsiku, BLDC imadzilipira yokha.

Masamu onsewa amasinthiratu ngati muli ndi inveta kapena sola. Ambiri tinagula zimenezi namondwe wa Ana atawononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawatsi pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Batire la 12V 100Ah limasunga mawatsi 1,200 a ola limodzi, koma likakhala la mtovu simuyenera kulitapa kupitirira theka, ndiye kuti anu ndi 600. Fani ya mawatsi 75 iwamaliza m'maola 8 papepala. Inveta ikadyapo gawo lake mutsala ndi 6 kapena 7, musanayatse babu ngakhale limodzi. Ya mawatsi 30 ikufikitsani m'mawa, batire likadali ndi mphamvu yotchajira mafoni. Palinso phokoso. Mainveta otchipa satulutsa magetsi osalala, ndipo fani wamba ikalumikizidwa pamenepo imang'ung'udza usiku wonse ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, mota n'kumatentha. Ya alamu anga inkatero mpaka anaisintha. BLDC yawo pa inveta yomweyo ili zii.

Kwa mayi ku Jali kulibe magetsi a pa pholo, kuli sola yokha. Kumeneko ndinagula fani ya 12V yolumikiza pa batire popanda inveta. Chimodzi chokha: waya akhale wonenepa ndi wamfupi. Pa 12V kawaya kowonda kotalika kamadya mphamvu m'njira, fani n'kumayenda ngati yadwala.

M'sitolo musamangoona mawatsi okha. Fani yodya pang'ono koma yosapereka mphepo ndi chokongoletsa chabe. Funani nambala ina pakatoni yolembedwa CMM kapena m³/min, imene imanena kuchuluka kwa mpweya umene imakankha pa mphindi. Ya mainchesi 48 yabwino imakhala pa 210 kupita kumwamba. Mafani ochokera ku India amakhala ndi chizindikiro cha nyenyezi cha bungwe lawo la BEE. Nyenyezi zikachuluka ndiye kuti mphepo ndi yambiri pa watsi iliyonse. Katoni imene yangolembedwa mawu oti imasunga magetsi, popanda nambala ya mawatsi kapena ya mphepo, ibwezeni pa shelefu. Za kulemera zija anandinyengera nazo zili ndi choonadi pang'ono, chifukwa mota ya waya wa kopa imalemera kuposa ya aluminiyamu ndipo imakhalitsa. Koma kulemera sikunena kanthu za mayunitsi. Kuchuluka kwa mapiko nakonso ayi: atatu opindika bwino amatha kuposa asanu.

Mukafika nayo kunyumba mutha kuyesa ngati katoni inanena zoona. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yunitsi imodzi yapita. Zimitsani zonse, firiji yomwe, musiye fani yokha pa liwiro lomaliza, muwerenge kwa mphindi 10. Pa mita yotere fani ya mawatsi 75 iphethiritsa ka 12 kapena 13, ya mawatsi 30 kasanu. Ine ndinachita zimenezi nditakhala pa mpando ndi wotchi m'manja, ana akundiseka kuti abambo ayamba kulondera mita.

BLDC ili ndi zovuta zake, ndipo wogulitsa sakuuzani. Fani wamba ikayamba kuyenda mwaulesi, kapena kufuna kuti muikankhe ndi ndodo kuti iyambe, kawirikawiri ndi kapasita yafa. Ndi kanthu kotchipa, kambiri kamalembedwa 2.5 µF, ndipo mmisiri aliyense wa mu msika wa Zomba amakasintha mukudikira. BLDC ikafa, chafa ndi kabolodi, ndipo kabolodiko sikagwirizana ndi ka kampani ina. Kuno mvula imabwera ndi ziphaliwali, komanso magetsi akamabwerera atazima nthawi zina amabwera ndi ukali. Choncho musanalipire funsani kuti, "Achimwene, bolodi ikapsa mumakhala nayo ina? Nanga rimoti ikatayika?" Akayamba kukanda m'mutu, pitani sitolo ina. Waranti ilembedwe pa lisiti, ya pakamwa imatha mukangotuluka pakhomo. Ndipo mvula ya mabingu ikayamba, kapena magetsi akazima, zimitsani swichi ya pakhoma.

BLDC musailumikize ku kabokosi kakale kosinthira liwiro. Imafuna swichi wamba, liwiro mumasinthira pa rimoti. Ngati mwasankha fani wamba, kanani kabokosi kakakulu kokhala ndi timabowo totulutsira kutentha, ngati kathu kaja. Kameneko kamachepetsa liwiro powotcha magetsi otsalawo, ndiye ngakhale muike pa nambala 1 simupulumutsa zambiri. Tengani kakang'ono koyendera makapasita, kodumpha 1, 2, 3 mpaka 5, sikatentha.

Zina amawonjezerapo mtengo ine sindizilabadira. Fani yokhala ndi nyali pakati, nyaliyo ikafa mumasowa yolowa m'malo. Yozungulira chobwerera m'mbuyo inapangidwira mayiko amene amatenthetsa nyumba m'nyengo yozizira, kuti itsitse mpweya wofunda wa kudenga. Ife mu Juni tilibe mpweya wofunda woti n'kutsitsa.

Nyumba yopanda siling'i ndiyo yofunika kuiganizira kawiri. Masana mpweya wa pansi pa malata umakhala ngati wa mu uvuni, ndipo fani imautenga n'kukuthirani pamutu. Kwa mayi tinayamba taika siling'i m'chipinda chogonamo, fani inabwera chaka chotsatira. Ngati ndalama ndi za chinthu chimodzi, yambani siling'i.

Popachika itanani wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo inuyo muime pomwepo. Mbedza imangidwe ndi bawuti pa mtanda wa denga, osati pa bolodi ya siling'i. Mmisiriyo akwere aone mtandawo, augogode, chifukwa m'nyumba zakale za muno chiswe chimadya mkati kunja kukuoneka bwino. Onetsetsani kuti kaphini kotsekera bawuti kalowa ndipo kapindidwa, kawaya kachitetezo kamangidwa, ndi waya wa earth walumikizidwa. Mmisiri wathu woyamba anatsala ndi kaphiniko m'thumba. Ndinakaona akutulutsa chenji. "Aaa, bwana, sikafunika kwenikweni," anatero. Ndinamukwezanso makwerero. Babu lisakhale pamwamba pa mapiko, kuwala kumachita kuphethiraphethira mpaka mutu kuwawa. Mukagula mafani awiri musasakanize mapiko ake, chifukwa amayezedwa kulemera katoni ndi katoni.

Ikamagwedezeka, yambani mwapukuta fumbi ndi kumanga masikuluu onse. Ikapitiriza, matani kakobili ndi selotepi pamwamba pa phiko limodzi, muyatse, muone. Sinthani phiko mpaka mutapeza pamene yadekha. Yathu ya pabalaza ili ndi K5 pamsana chaka chachitatu tsopano.

Fani siziziritsa chipinda, imaumitsa thukuta pakhungu basi. Mukatuluka izimitseni, chifukwa mipando simva kutentha. Madzulo tsekulani mazenera okhala ndi sefa kuti izikoka mpweya wozizira wa panja. Udzudzu umavutika kuuluka mu mphepo, zoona, koma magetsi akazima pakati pa usiku umabwera ndi msonkhano wonse, ndiye neti isachoke.

Ya mainchesi 56 ija sindinaitaye. Ndinaisamutsira pabalaza, kumene inayenera kukhala poyamba pomwe, n'kuisinthira kabokosi. M'chipinda muli BLDC ya 42, imene imagona pa nambala 2. Rimoti yake inasowa kawiri, kachiwiriko tinakaipeza m'chikwama cha sukulu cha mwana wathu wamng'ono. Pano mayi a kunyumba anaimangirira ndi ulusi wa juzi ku mwendo wa bedi.